Ndowa Ziwiri M'kompyuta ya ku Kachulu

Nyanja ya Chilwa itabwerera pambuyo pa kuuma kuja, ndinapeza ntchito ku Kachulu, m'kaofesi ka zipinda ziwiri ka pulojekiti ina yoona za nsomba. Odzafunsira ntchitoyo ambiri anali amuna a mataye ochokera m'tauni, koma anatenga ine, mwana wamkazi wa alimi a mpunga a kwa Kuntumanji, chifukwa pa tonsefe ndine ndekha amene sindinkaiopa kompyuta. Anzangawo ankaigwira ngati dzira la nkhuku ya eni. Ine ndinali nditaphunzira za makompyuta ku Zomba, ndipo ndinkazidziwa. Wina anena kuti ndikudzitama. Inde ndikudzitama, koma pang'ono pokha, poti ndi zoona.

Kompyutayo inkayendera sola. Dzuwa likakwera ntchito inkayenda. Likapendeka mabatire ankatha mphamvu, ndiye ndinkazimitsa, n'kuifunditsa chitenje kuopa fumbi, n'kupalasa njinga kubwerera kwathu. Ntchito yanga inali kulandira mabuku a alembi a m'madoko anayi, kutaipa manambala awo, ndi kutulutsa lipoti la pamwezi losonyeza makilo a nsomba zimene zatuluka m'nyanja. Matemba pawo, makumba pawo, milamba payo. Lipotilo ndinkalipereka kwa bwana wa pulojekiti, bambo a ku Zomba amene ankabwera pagalimoto kawiri pa sabata. Anali munthu wabwino, kungoti ankafulumira kukhulupirira chilichonse chotuluka m'pulinta.

Mlembi wa padoko la Kachulu penipeni anali bambo achikulire, Msilamu, aatali owonda, amene aliyense ankangowatchula kuti a Kalaliki. Pensulo yawo ankaimangirira ku buku ndi ulusi wa ukonde. Anayamba kulemba nsomba ine ndili ku pulayimale. Nthawi imene nyanja inauma, anthu n'kumayenda wapansi mpaka ku chilumba cha Chisi, iwo ankabwerabe padoko m'mawa uliwonse, n'kulemba tsiku, n'kulemba kuti palibe. Panalibe wowatuma. Ine ankanditchula kuti Mayi a Makina, ndipo akabweretsa buku Lolemba ankaima pakhomo n'kufunsa kuti, "Mwana wanuyo wadzuka bwanji lero? Wayamwa dzuwa?" Ndinkawakonda.

M'buku mwawo matemba ankawalemba m'mizere iwiri, aawisi ndi ouma, onse powerenga ndowa, chifukwa padoko nsomba zimenezi siziyezedwa pa sikelo. Aawisi ankabwera ndi mabwato m'mawa. Ouma ankachokera ku zimbowera, tizisakasa timene asodzi amamanga pamwamba pa madzi m'kati mwa njedza, udzu wautali wa m'nyanja uja, kumene amakhala masabata akugwira ndi kuyanika konko. Aliyense wa kunyanja amadziwa kuti ndowa ya ouma si ndowa ya aawisi. Matemba akauma amanyala, ndiye kuti mudzaze ndowa imodzi ya ouma, m'nyanja mwachoka aawisi odzaza ndowa ziwiri kaya zitatu. Popeza lipoti linkafuna nsomba zimene zachoka m'madzi, ndowa ya ouma inkayenera kuwerengedwa mokwera. Ndipo pa madoko anayiwo, ouma ambiri ankatsikira pa Kachulu, chifukwa ndi pamene pali msewu wa ku Zomba.

Tsopano ndifotokoze za m'mimba mwa kompyuta, ndipo musachite mantha, si zovuta. Pulogalamu yaikulu inalembedwa m'chiyankhulo cha Perl, chimene umangolemba n'kuyendetsa nthawi yomweyo. Koma masamu olemera anali m'mafayilo ena apadera otchedwa malaibulale, olembedwa m'chiyankhulo cha C kuti azithamanga. M'laibulale ya mtunduwu mulibe mabuku. Muli tintchito tokonzeratu, kalikonse ndi dzina lake. Pulogalamu yaikulu siyamba ulendo itasenza malaibulale onse ayi. Imatenga iliyonse ikafika poifuna, monga momwe timabwerekera sefa kwa oyandikana nawo tsiku lokhalo losefa ufa. Ndipo kantchito kena kakaitana kanzake ndi dzina, pali kapulogalamu kam'kati, ine ndinkakatchula kuti mlumikizi, kamene kamafufuza kuti mwini dzinalo ali kuti, n'kuwalumikiza awiriwo.

Laibulale yoyamba analemba ndi bambo amene ankagwira ntchitoyo ine ndisanabwere, amene anasamukira ku Blantyre. Sindinakumane nawo, koma ndinkamwetulira powerenga zolemba zawo, chifukwa tintchito tawo anatipatsa mayina a Chinyanja. Kowerenga fayilo ya manambala anakatcha werenga. Kosandutsa ndowa kukhala makilo anakatcha ndowa. Iwo anachoka atangomaliza za aawisi, za ouma zikuwerengeredwabe pamanja. Ine nditafika ndinati zapamanjazo zithe. Ndinakopera laibulale yawo yonse, poti pa ntchito yathuyi kukopera si kuba, n'kusintha nambala ya m'kati mwa kantchito kotchedwa ndowa kaja.

Nambalayo tinaipeza limodzi ndi a Kalaliki. Tinayeza aawisi pa sikelo ya ofesi, kuwayanika, n'kuwayezanso atauma, mobwerezabwereza, amayi oyanika nsomba akutiseka kuti tikufuna kudziwa zimene mphuno imadziwa kale. A Kalaliki ankakhala pafupi ndi mphasa ndi kandodo, kuthamangitsa akhwangwala, ati nsomba imodzi ikasowa masamu aphonya. Laibulale yatsopanoyo ndinaiyesa kambirimbiri, ndipo inkapereka zolondola. Mayina sindinasinthe. Ndikanasinthiranji? Perl inkatenga laibulale iliyonse ili chitsekere, kutanthauza kuti mayina ake ankaoneka m'kati mwake mokha. Ndowa wa aawisi kwawo, ndowa wa ouma kwawo, mpanda pakati.

Zinayenda bwino choncho mpaka tsiku limene bwana anabwera kuchokera ku msonkhano wina atasirira magalafu, mizere yokwera ndi kutsika ija, n'kunena kuti lipoti lathu likhalenso nayo. Ndinati zazing'ono. Ndinalemba laibulale yachitatu yojambula mizere, ndipo ulendo uno ndinati sindikoperanso, ndakula. Ingoitana werenga wa m'laibulale yoyamba. Nditayendetsa, pulogalamu inafa nthawi yomweyo, n'kulemba pa sikirini m'Chingerezi kuti dzina lakuti werenga siikulidziwa.

Vuto lotere ndimalikonda, chifukwa limakuwa. Ndinatulutsa m'kabati mapepala a malangizo, ndinawerenga m'mawa wonse, ndipo ndinapeza. Panali kanambala kamodzi kouza Perl mmene itengere laibulale. Kakakhala ziro, laibulale imabwera ili chitsekere. Kakakhala wani, imabwera ili chitsegulire, mayina ake onse n'kukhala pabwalo, kuti laibulale iliyonse yobwera pambuyo iwaone. Ndinasintha ziro kukhala wani pa laibulale ya aawisi, n'kuyendetsa. Pulinta inalira, mizere inatuluka yokongola. Ndinavina ndekha mu ofesi, ndipo bwana atabwera anapita nalo pepalalo kukaonetsa anzawo ku Zomba. Akuluakulu amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma tsiku limenelo mukanandiuza zimenezo ndikanakusekani.

Lipoti la mwezi umenewo linaonetsa kuti nsomba za pa Kachulu zatsika. Tinati mwina ndi mwera, poti inali nyengo yozizira. Mwezi wotsatira zinali chimodzimodzi, mzere wa Kachulu uli pansi, pamene madoko enawo sanasunthe kwenikweni. Koma ukatuluka panja, njinga zinkadutsa zitalemedwa ndi madengu, ndipo maminibasi a ku Zomba ankanyamuka atasanja matumba a matemba mpaka padenga. Bwana anandifunsa ngati makina ali bwino.

"Bwana, kompyuta sinama," ndinatero. "Imabweza zimene mwaipatsa. Mukaipatsa zochepa, ikupatsani zochepa."

Mawu amenewo ndinawanena mosaphethira, ndipo ndinkawakhulupirira. Sindinatsegule ngakhale fayilo imodzi kuti ndione. Ndinali nditayesa kale zonse, ndipo kanambala kaja sindinakaganizire n'komwe, poti m'mutu mwanga kanali ka magalafu, osati ka makilo.

Bwana anatuma munthu ndi sikelo kuti akhale sabata yathunthu pamsewu, pamene amalonda a ku Songani ndi ku Zomba amakwezera katundu. Munthuyo anapeza nsomba zochuluka kwambiri kuposa za m'lipoti. Ndiye bwana anawerengera motere: nsomba zilipo, makina sanama, watsala ndi wolemba. Mphekesera zinachita kuthamanga. Ena ankati a Kalaliki akutha nthawi kumunda kwawo kwa mpunga. Ena ankati amalonda akuwanyengerera kuti azibisa manambala, kuopa kuti nyanja ingatsekedwe. Ena ankangoti akalamba.

Bwana anaitanitsa msonkhano padoko, pali asodzi, amayi oyanika nsomba, amalonda ndi onyamula katundu, ndipo anawerenga mokweza lipoti lathu ndi pepala la munthu wa sikelo. Sanatchule mawu akuti bodza, koma panalibe amene sanawamve. Anati a Kalaliki apume kaye kunyumba, lipoti la mwezi uno likatuluka ndi pamene ziganizidwe ngati abwerere kapena achotsedwe. M'malo mwawo anaikapo aphunzitsi ena opuma ntchito. A Kalaliki sanatsutse. Anamasula pensulo yawo, n'kupereka buku. Podutsa pamene ndinali anaima pang'ono.

"Mayi, inunso mwaona kuti ndalakwa?"

"Ine sindinaone kanthu, bambo. Aona ndi makina."

"Chabwino," anatero. "Ngati aona ndi makina, basi."

Anapita pang'onopang'ono m'mbali mwa mathandala oyanikira, ndipo anthu amene tsiku lililonse ankawapatsa moni anayang'ana kumbali.

Masiku otsatira anali osakoma, koma sindinganame kuti ndinkadziimba mlandu. Ndinkawamvera chisoni basi, chisoni chimene timamvera munthu wabwino amene wagwidwa ndi kanthu. Lachisanu lina ndinawaona chakumbuyo akulowera ku mzikiti, ali okha, anzawo akuyenda patsogolo m'kagulu. Ndinakhotetsa njinga n'kudzera njira ya kuchigayo, kuopa kusowa chowauza.

Patapita sabata ziwiri, Lolemba, aphunzitsi aja anabweretsa buku lawo. Anali munthu waukhondo, manambala awo oongoka ngati a pabolodi. Ndinataipa, n'kuyendetsa kuti ndingoona mmene mwezi ukuyendera. Makilo anatuluka otsika, ndendende mmene ankatulukira nthawi ya a Kalaliki. Anthu awiri osiyana mudzi, osiyana chipembedzo, osiyana ndi kalembedwe komwe, sangaphonye mofanana chotero.

Ndinatenga tsamba limodzi, la tsiku limene kunabwera ouma ambiri, n'kuwerengera ndi pensulo. Yankho langa linaposa la makina kutalitali. Ndinayendetsa laibulale ya ouma payokha, popanda zinazo, ndipo inagwirizana ndi pensulo. Ndinayendetsa zonse pamodzi monga mwa masiku onse, makilo n'kugwanso. Apa ndinadziwa kuti vuto silili m'laibulale iyi kapena iyo, lili pokumana pawo.

Ndinachita zimene aliyense wa ntchitoyi amachita akathedwa nzeru. M'kantchito kalikonse kotchedwa ndowa ndinaikamo mzere woti kakaitanidwa kazidzitchula. Ka m'laibulale yoyamba kazilemba kuti ndine wa aawisi, kachiwiriko kazilemba kuti ndine wa ouma. Ndinapereka tsamba lija, mzere wa ouma wokhawokha. Sikirini inadzaza kuyambira pamwamba mpaka pansi: ndine wa aawisi, ndine wa aawisi, ndine wa aawisi. Wa ouma sanayankhe ngakhale kamodzi.

Ndinabwerera ku mapepala a malangizo, ndipo chimene sindinachimvetse tsiku lovina lija chinaonekera poyera. Mlumikizi akamva dzina, amayamba wayang'ana pabwalo, ndipo akapeza mwini dzinalo pamenepo salowanso m'nyumba ya woitanayo. Ine nditatsegula laibulale ya aawisi kuti werenga aoneke, ndowa nayenso anatuluka naye limodzi. Ndiye laibulale ya ouma ikaitana ndowa, poganiza kuti ikuitana wake, ankayankha wa aawisi. Zili ngati mayi kuitana mwana wake amene ali kuchipinda, n'kuyankha wa oyandikana nawo wa dzina lomwelo amene akusewera panja, mayiyo n'kumutuma osacheuka. Panalibe chifukwa choti kompyuta ikuwe. Inafunsidwa ndowa, inapeza ndowa, inapereka. Kwa miyezi iwiri ndi theka matemba ouma onse ankawerengedwa ngati aawisi, ndipo chimene chinachita zimenezo ndi chala changa ichi.

Kukonza sikunatenge ngakhale ola limodzi. Wani uja ndinamubwezera kukhala ziro. Laibulale ya magalafu ndinaimanganso, n'kuiuza pomanga pomwepo fayilo imene izikapezamo werenga, kuti pasafunikenso kutsegulira aliyense. M'chiyankhulo cha C muli liwu limodzi limene ukaliika patsogolo pa kantchito, dzina lake silituluka kunja zivute zitani. Ndinaliika pa tintchito tonse tiwiri, ndipo ka ouma ndinakapatsanso dzina lakelake. Kenako ndinayendetsanso mabuku onse amene a Kalaliki analemba miyezi ija. Mzere wa Kachulu unadzuka. Sabata imene munthu wa sikelo anakhala pamsewu, manambala a m'buku la a Kalaliki anagwirizana ndi ake mondichititsa manyazi.

Ntchito yamanjayo ndinaigwira bwino, ndipo mpaka lero sindikuona chimene ndikanakonza mwa njira ina. Chovuta chinabwera nditazimitsa pulinta. Mu ofesi mwathu, ngakhale kwa akuluakulu a pulojekiti ku Zomba, kunalibe wina wodziwa kuwerenga mafayilo amenewo. Ndikanangokhala chete, palibe akanadziwa. Lipoti la mwezi likanatuluka lolondola, makilo atakwera. Koma ndinamva bwinobwino m'makutu mwanga chimene bwana akananena atalitenga: mwaona, tangosintha munthu, nsomba zabwerera. Kukonza kwanga mwakachetechete kukanakhala umboni womaliza wakuti a Kalaliki ankanama, ndipo akanafa nalo dzina limenelo.

Ndikanakonda kulemba pano kuti ndinanyamuka nthawi yomweyo. Ayi. Ndinakhala pampando mpaka mabatire atatha, ndikudziuza kuti wamkazi pa ntchitoyi ndine ndekha, kuti amataye aja akangomva aseka mpaka chaka chamawa, kuti bambowo ndi okalamba kale, akanapumabe. Munthu ukachita manyazi zifukwa zimangobwera zokha, ndipo zonse zimamveka zanzeru. Ndinapalasa njinga ndili nazo zifukwazo mpaka kwathu.

Mayi anga ndinawapeza akupuntha mpunga kuseri kwa nyumba. Ndinayamba kuwafotokozera, ndikuyambira kutali, za malaibulale ndi mlumikizi. Anandidula.

"Zamakinazo usandiuze, sindimva. Munthuyo analakwa kapena sanalakwe?"

"Sanalakwe."

"Analakwa ndani?"

"Ine."

"Ndiye ukufuna chiyani kwa ine? Ndikuuze kuti ndiwe wokongola?" Anamenyanso mtolo kawiri, n'kuloza ndi mutu. "Tambala wofiirayo umutenge, ukawapepesere. Umutenge wamoyo, wamva? Anzathu aja sadya chophedwa ndi ife, akazinga okha."

Lachitatu bwana atabwera ndinawaikira patebulo mapepala atatu: lipoti lakale, lipoti lokonzedwa, ndi la munthu wa sikelo. Ndinawauza zonse, kuyambira pa kanambala kaja. Anagogoda tebulo ndi bolopeni.

"Si inu munati kompyuta sinama?"

"Ndinatero, bwana. Ndipo sinaname. Ndinaisokoneza ndine."

"Mwandichititsa manyazi, mayi." Anapumira m'mwamba. "Chabwino. Tilemba kalata yoti taunikanso nkhani yawo, abwerere Lolemba. Aphunzitsiwo tiwapezera doko lina. Koma zamakinazi zithere muno. Anthu a padoko akamva kuti makina amalakwa, sadzatipatsanso manambala."

"Pepani bwana, koma ayi. Munthu tinamuvula pagulu, tikamuveke pagulu. Akabwerera ndi kalata yokha, anthu adzati tangowachitira chifundo."

"Ndiye mukayankhula ndinu. Ine sindikaima pamaso pa asodzi kufotokoza za ziro ndi wani."

"Ndikayankhula ndine."

Pamenepo mtima wanga unabwerera m'malo. Kufotokoza zinthu ndimatha, ndipo anthu a padoko ndinakula nawo.

Loweruka m'mawa, mabwato atangokocheza, anthu anasonkhana pamalo omwe aja. Ndinabwereka ndowa ziwiri kwa amayi ena, ina ya aawisi ina ya ouma, n'kuziika patsogolo. Tambala ndinamumanga miyendo n'kumuika m'dengu pambali. A Kalaliki anabwera mochedwerapo, atavala mkanjo woyera, n'kuima kumbuyo. Kumaso kwawo kunali magalasi a mafelemu akuda amene ndinali ndisanawaonepo.

Ndinayankhula mokweza, kuti ndi akumbuyo omwe amve. Ndinati m'makina muja muli antchito awiri a dzina limodzi, wina wodziwa ndowa iyi, wina wodziwa iyo. Ndinati ine ndinagwetsa mpanda umene unali pakati pawo, ndiye wa aawisi n'kumayankha zonse yekha. Ndinati m'buku la a Kalaliki mulibe cholakwika ngakhale chimodzi, wolakwa ndine, ndipo nditafunsidwa ndinakana ndisanayang'ane n'komwe.

Msodzi wina wa chipewa chong'ambika anakuwa kuti, "Ndiye makina ochokera kunjawo sasiyanitsa ouma ndi aawisi? Achemwali, bweretsani kuno tiwanunkhize!" Anthu anagwa nacho chiseko. Mayi wina anati mwana wake woyamwa amasiyanitsa. Ndinaseka nawo, poti kusekedwako kunali kwanga. Kenako anthu anayamba kutembenukira kumbuyo, mmodzimmodzi, kukawagwira chanza a Kalaliki. Amene ankafalitsa za munda wa mpunga ndi amene anafika koyamba. Bwana anawabwezera buku, n'kunena mawu awiri atatu opepesa, n'kukakwera galimoto.

Gulu litabalalika ndinapita ndi dengu langa, n'kugwada.

"Bambo, ndalakwa. Mayi anga akuti mulandire kankhuku aka."

Anamunyamula tambalayo, n'kumuyeza m'manja, n'kumupereka kwa mnansi wawo kuti apite naye kunyumba. "Dzukani, Mayi a Makina, pansipa pali minga ya milamba. Ndalandira. Mukawathokoze mayi."

Ndinadzuka, ndipo pofuna kuti tiyambe kucheza ngati kale, ndinawauza kuti magalasiwo akuwakhala.

"Awa?" Anawakhudza ndi chala. "Ndinakagula ku Zomba, pamsika, sabata yomwe ija ya msonkhano. Ndinakhala pansi n'kuganiza. Ndinati Mayi a Makina ndi ophunzira, ndiponso sangandinamizire, timadyera limodzi chinangwa. Makina nawo ndi makina. Onse awiri sangalakwe. Ndiye ndinati olakwa ndi maso angawa, mwina ndowa zikumadutsa ine osaziona."

Anawakonza pamphuno, n'kupitiriza.

"Sabata zitatu ndavala. Mutu kuwawa, pansi kuoneka ngati pali dzenje. Ndinkakhala pakhonde n'kumawerenga nkhuku za anthu, kuyesa ngati ndikuona. Ndikawerenga zisanu ndi ziwiri, ndinkaitana mayi a kunyumba kuti adzawerengenso." Anaseka pang'ono, koma sikunali kuseka kwenikweni. "Zoti anthu azinena kuti ndine wabodza ndikanapirira, Mulungu amadziwa. Chinandipweteka n'chakuti ine mwini ndinayamba kuvomera."

Misozi inanditsika pomwepo, pamaso pa amalonda amene ankamanga madengu panjinga, ndipo sindinaibise. Ndinabwera padoko nditakonzeka kuwabwezera ntchito ndi dzina lawo, ndipo ndinali wotsimikiza kuti ndabweza zonse. Za sabata zitatu zimene munthu uyu anakhala akukayikira maso ake chifukwa chondikhulupirira ine, sindinaziganizire.

Bwato lina lochedwa linali likutuluka m'ngalande ya pakati pa njedza. A Kalaliki analiyang'ana atavala magalasi, kenako anawavula, n'kuyang'ananso, n'kupukusa mutu. Anawapinda bwinobwino n'kundipatsa.

"Tengani, mayi. Ine sakundithandiza. Mwina inu."

Ndinawalandira ndi manja awiri, iwo n'kutsikira kumadzi kukakumana ndi bwato lija.